Nyumba Yajambulidwa pa Kompyuta, Nanga Pansi Idzakhala Pati?

M'maofesi ambiri ojambula mapulani, pensulo ndi tebulo lopendekeka lija zinapuma kalekale. Nyumba imayamba yamangidwa yonse mu kompyuta, m'mapulogalamu monga Revit ya kampani ya Autodesk kapena Archicad ya Graphisoft, mpaka zitseko, malata ndi mapaipi kuoneka bwinobwino. Koma pali zinthu zitatu zimene pulogalamu singazidziwe payokha: pamene pali puloti, kumene nyumbayo yayang'ana, ndi kukwera kwa malowo. Izi imachita kuuzidwa ndi munthu, ndipo akaiuza zabodza imangovomera. Mayankho ali m'munsimu atsamira pa Revit chifukwa ndi imene imazunguza anthu mitu kwambiri pa nkhaniyi, koma mfundo zake n'zomwezo m'mapulogalamu enawo.

Manambala amene saveya amalemba pa mabikoni a puloti aja amatanthauza chiyani?

Ndi ma coordinate: manambala awiri, a m'mamita, onena pamene pali kadontho kamodzi pa dziko lapansi. Njira yofala kuno ndi ya UTM. Imagawa dziko lonse m'zigawo 60 zoyenda kuchokera kumpoto kupita kumwera, chilichonse chotambalala madigiri 6. Dziko lonse la Malawi lili m'chigawo 36 cha kumwera kwa ikweta, chimene amalemba kuti 36S, limodzi ndi Chipata, Tete ndi Harare. Lusaka ali mu 35S. Mzere wapakati wa chigawo chathuchi ndi wa madigiri 33 kum'mawa, ndipo umadutsa m'boma la Mchinji.

Nambala yoyamba, easting, imanena kuti mwatalikira bwanji kum'mawa kapena kumadzulo kwa mzere wapakatiwo, umene anaupatsa dala nambala 500,000 kuti pasamapezeke manambala a mayinasi. Yachiwiri, northing, imayambira pa 10,000,000 pa ikweta n'kumachepa mukamatsikira kumwera. Motero pakati pa mzinda wa Lilongwe easting imakhala cha m'ma 584,000 ndipo northing cha m'ma 8,454,000. Ku Blantyre ndi cha m'ma 715,000 ndi 8,253,000. Mukazolowera, kungoponya maso pa manambalawa mumadziwiratu ngati fayilo imene mwalandira ndi ya kuno kapena yasokonekera panjira.

Wojambula amawafuna chifukwa nyumba sidzamangidwa m'malere. Pali malire a puloti, pali mtunda umene khonsolo imafuna kuti usiyidwe kuchokera ku msewu, pali mapaipi a Water Board ndi mawaya a ESCOM. Ndipo tsiku lokhoma zikhomo, saveya sadzafunsa za kukongola kwa khonde. Adzafuna easting ndi northing ya ngodya iliyonse kuti alowetse mu total station yake.

Ndiye bwanji osangojambula nyumbayo pa manambala akewo basi?

Asaveya mu AutoCAD amaterodi. Mu Revit musayerekeze. Pulogalamu iliyonse ili ndi poyambira kuwerenga pake, pa 0,0,0. Mu Revit amapatcha Internal Origin, ndipo sipasuntha. Eni pulogalamuyo amalangiza kuti chilichonse chojambulidwa chikhale mkati mwa makilomita 16 kuchokera pamenepo. Tsono puloti ya ku Lilongwe, mukatsata manambala ake a UTM, ili pa mtunda wa makilomita oposa 8,400 kuchokera pa 0,0.

Vuto lake ndi la masamu. Kompyuta imasunga nambala iliyonse ndi madijiti owerengeka, ndipo mbali yake yojambula zithunzi pa sikirini nthawi zambiri imasamala madijiti pafupifupi 7 okha. Kuti mulembe 8,454,000 mpaka kufika pa milimita mukufunika madijiti 10. Atatu omalizawo, amene asunga mamilimita anu, ndi amene amatayika. Zotsatira zake mumaziona ndi maso: mizere kunjenjemera mukamakuza chithunzi, makoma kukana kulumikizana pa ngodya, zozungulira kuoneka zamakonamakona.

Kalipentala sapalira chitseko chili pakhoma. Amachipangira pa benchi yake pamene zida zili pafupi, kenako n'kukachipachika. Nyumbanso ijambulireni pafupi ndi Internal Origin, makoma ake atawongoka ndi pepala, kenako muiuze pulogalamu kuti ngodya yakutiyakuti ili pa manambala akutiakuti pa dziko. Ubale umenewu ndi umene Revit imautcha Shared Coordinates.

Pa site plan ndikuona kachizindikiro kozungulira ndi kena ka ngodya zitatu. N'tantchito yanji?

Kozungulirako ndi Project Base Point, ka ngodya zitatuko ndi Survey Point. Ngati simukutiona, titsegulireni mu Visibility/Graphics, pansi pa Site. Kuyambira pa Revit 2020.2, Internal Origin nayonso imaonekera momwemo.

Project Base Point ndi ya inu ojambula ndi amisiri, poyambira kuyeza za panyumbapo. Ambiri amaiika pamene grid A ikukumana ndi grid 1, pa levulo ya fulo yapansi, ndipo n'kwanzeru kuti malo amenewo akhalenso pa Internal Origin penipeni kuyambira tsiku loyamba. Survey Point ndi ya saveya. Imaimira dziko lenileni, ndipo malo ake oyenera ndi pa bikoni yodziwika.

Pa Survey Point pali kakilipi, ndipo kameneka kaliza anthu ambiri. Mukasuntha chizindikirocho kakilipiko kali kotseka, mwasintha ma coordinate a polojekiti yonse, nyumba yasamuka pa dziko inu osadziwa. Mukayamba mwakatsegula, mukungosuntha chizindikiro chokhacho, manambala a nyumba osakhudzidwa. Mukamaliza kuika zonse, zikhomeni ndi Pin, ndipo muzibise m'ma view amene anzanu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Dzanja la munthu wotopa madzulo a Lachisanu silichedwa kukoka chinthu.

Tsono ndiyambire pati?

Yambirani kwa saveya, kompyuta musanaiyatse. Mumufunse kuti manambala ake ali pa datum iti ndi chigawo chiti, fayilo yake ili m'mamita kapena ayi, malevulo ake achokera kuti, ndiponso mabikoni olimba amene alidi pansi ndi ati. Pafunika awiri, atatu ndi bwino koposa. Mayankhowa akhale olembedwa pa pulani yakeyo. Zouzana pa foni zimaiwalika tsiku la mlandu.

Kenako pali njira ziwiri, zonse zili pa Manage, pansi pa Coordinates.

Yoyamba ndi Acquire Coordinates, ndipo ndi imene ine ndimaikhulupirira kwambiri chifukwa simulemba nambala ndi dzanja. Mumalowetsa fayilo ya DWG ya saveya ndi Link CAD, osati Import, n'kusankha Center to Center kuti ifike pafupi ndi nyumba yanu. Mukatero mumasuntha ndi kutembenuza fayilo ya saveyayo mpaka puloti itakhala bwino pansi pa nyumba. Mvetsetsani apa: chosuntha ndi puloti, nyumba ili chikhalire. Muyang'anenso mu section kuti mukweze kapena kutsitsa fayiloyo ifike pa levulo yoyenera. Mukakhutira, dinani Acquire Coordinates n'kusankha fayiloyo. Revit imatenga manambala ake onse pamodzi ndi kumpoto kwake. Zikatha, Survey Point ikhoza kusowa pa sikirini chifukwa yathawira pa 0,0 ya UTM, kutali zedi. Musachite mantha. Isankheni, mutsegule kakilipi kaja, mulembe manambala a bikoni yanu, ibwerera.

Yachiwiri ndi Specify Coordinates at Point, yothandiza ngati saveya wangokupatsani mndandanda wa manambala. Mumadina malo amodzi pa chojambulacho, n'kulemba northing, easting, levulo ndi madigiri a pakati pa Project North ndi True North. Ndi yachangu, koma misampha yake ndi iwiri ndipo yonse imakola ngakhale akatswiri. Woyamba ndi wa dongosolo la manambala. Mu AutoCAD, X ndi easting ndipo imayamba kulembedwa. Revit imayamba kufunsa N/S kenako E/W. Mafayilo a asaveya nawo ena amayamba ndi northing, ena easting. Mwayi wathu kuno ndi woti manambalawa safanana: ya madijiti 7 ndi northing, ya madijiti 6 ndi easting. Msampha wachiwiri ndi wa mayuniti. Saveya amayeza m'mamita, inu mumajambula m'mamilimita. Mukalemba 8454000 m'bokosi loyembekezera mamilimita, mwaiuza pulogalamu makilomita 8 ndi theka m'malo mwa 8,454. Lembani m kumapeto kwa nambalayo, kapena musinthe kaye mayuniti a polojekiti.

Njira iliyonse imene mwatsata, ntchito sinathe mpaka mutayesa pa bikoni yachiwiri. Ikani Spot Coordinate pa bikoni imene simunaigwiritse ntchito poika manambala, makamaka ya kutali kwambiri, muone ngati Revit ikunena zofanana ndi pepala la saveya. Bikoni imodzi imangotsimikiza malo. Kuti mudziwe ngati nyumba yatembenuka molondola pafunika yachiwiri. Kuphonya ndi digiri imodzi yokha, pa khoma la mamita 30, kumapatutsa ngodya yakutsogolo ndi masentimita 52. Pa puloti za m'tauni zopanikizika zija, amenewo ndi okwanira kulowetsa fondeshoni kwa aneba.

Kumpoto ndi kumpoto basi. N'chifukwa chiyani pulogalamu ili nako kuwiri?

Ndipotu pa ntchito imeneyi kulipo kunayi.

Project North ndi kumtunda kwa pepala. Kulibe nazo ntchito za dzuwa kapena kampasi, kumangothandiza kuti nyumba ikwane bwino pa pepala ndipo mmisiri awerenge miyeso osapendeketsa khosi. True North ya Revit ndi kumene nyumbayo yayang'anadi pa dziko. View iliyonse ya pulani ili ndi Orientation yake: mapulani a zipinda muwasiye pa Project North, site plan muiike pa True North. Pofuna kukonza madigiri ake gwiritsani ntchito Rotate True North. Inayo, Rotate Project North, imatembenuza chojambula chonse, ndipo pa fayilo imene yakula kale imasiya zinthu zina zitabalalika.

Kwachitatu ndi kwa kampasi, kumene kumatsata maginito a dziko. Kuno kumapatuka madigiri angapo cha kumadzulo, ku Cape Town kumapatuka madigiri oposa 20, ndipo kumasinthasintha zaka zikamapita. Kampasi ya mu foni ndiye imasokonezekanso mukaima pafupi ndi mulu wa zitsulo kapena galimoto. Musatengereko nambala yolowetsa mu pulogalamu.

Kwachinayi ndi kwa grid ya UTM, ndipo pano pali chinsinsi chimene ambiri sachidziwa. Kuno mizere ya UTM imaloza kumpoto kwenikweni pa mzere wapakati pokha, ku Mchinji kuja. Mukamatalikira, imapatuka pang'onopang'ono: pafupifupi madigiri 0.2 ku Lilongwe, kupitirira pang'ono theka la digiri ku Blantyre. Chimene Revit imachitcha True North, mukatenga manambala kwa saveya, kwenikweni ndi kumpoto kwa grid kumeneku, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Musakonze. Dzuwa silidandaula ndi theka la digiri, koma zikhomo zimadandaula: pa mamita 50, theka la digiri limapatutsa chikhomo pafupifupi theka la mita.

Ngati ndangojambula muvi wa kumpoto pa pepala, sizikwanira?

Kwa a khonsolo mwina zingakwanire. Kwa amene adzakhale m'nyumbamo ayi, chifukwa mthunzi wonse umene pulogalamu imakuonetsani umadalira True North ndi malo amene mwaika pa Location. Ndipo malowo sabwera ali a kuno. Ma template a Revit a ku America amayambira ku Boston, a ku Britain ku London. Amenewo ndi maiko a kumpoto kwa ikweta kwenikweni, kumene dzuwa la masana limakhala kumwera chaka chonse. Mukaiwala kusintha, pulogalamu idzakujambulirani mithunzi yokongola ndithu, koma yogwera mbali yolakwika.

Kuno zinthu n'zina. Ku Lilongwe, pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa ikweta, dzuwa la masana a mu Juni limakhala kumpoto, litakwera madigiri pafupifupi 53 okha, moti limalowa bwino pa mawindo a kumpoto nthawi yozizira imene timalifuna. Limafika paliwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala ndiponso cha pakati pa Febuluwale, ndipo pakati pa miyezi imeneyi limapendekera pang'ono kumwera. Makoma a kumpoto ndi kumwera savuta kuwateteza, denga lotulukira pang'ono limakwanira. Ovuta ndi a kum'mawa ndi kumadzulo, makamaka a kumadzulo, amene amamwa dzuwa lonse la masana a Okutobala n'kumalavula kutentha mpaka pakati pa usiku. N'chifukwa chake nyumba yaitali, monga buloko ya makalasi kapena wodi ya chipatala, ndi bwino mbali zake zazitali ziyang'ane kumpoto ndi kumwera. Mapanelo a sola nawonso kuno amayang'ana kumpoto.

Zonsezi mungaziyese mu pulogalamu njerwa isanagulidwe ndi imodzi yomwe, bola kumpoto ndi malo zikhale zoona.

Fulo yapansi ndiilembe kuti 0.000 kapena ndilembe kukwera kwake kwenikweni?

Zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake. Mmisiri akufuna kudziwa kuti lintala ili pa mamilimita 2,100 kuchokera pa fulo, ndipo silabu ya m'mwamba ili pa 3,000. Mukamulembera 1,053.000 mwamupatsa masamu osafunika ndi mpata wolakwitsa. Koma injiniya wa misewu ndi ngalande akufuna manambala ochokera pa nyanja yamchere, chifukwa ndi amene amalumikizana ndi zonse za kunja kwa mpanda. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050, Mzuzu ndi wokwera kuposa pamenepo, pamene Nsanje safika ngakhale pa mamita 100.

Mu Revit, fulo yapansi ijambulireni pa 0, pa Internal Origin, ndipo kukwera kwenikweniko mukulowetse kudzera mu Shared Coordinates. Musakweze nyumba yonse ndi Move kuti ifike pa mamita 1,050. Kachizindikiro ka Level kali ndi Elevation Base mu Type Properties, pamene mumasankha kuti kawerenge kuchokera pa Project Base Point kapena pa Survey Point. Pangani mitundu iwiri, wina wa ma section a amisiri, wina wa site plan. Spot Elevation nayonso ili ndi chisankho chomwecho.

Funso lalikulu ndi loti nambalayo yachokera kuti. Pa ntchito zing'onozing'ono saveya amakonda kukhoma msomali pa konkire yolimba, n'kuitcha TBM, n'kuipatsa nambala yongopeka ngati 100.000. Palibe cholakwika, malinga aliyense adziwe kuti ndi yongopeka ndipo msomaliwo usakhale pamene thirakitala idzadutse. Mavuto amayamba wina akagwiritsa ntchito 100.000 ija pamene mnzake akugwiritsa ntchito benchmark ya boma. GPS nayo ili ndi zake: imayeza kukwera kuchokera pa ellipsoid, dziko losalala la masamu, osati pa nyanja yeniyeni, ndipo ziwirizi zimasiyana ndi mamita angapo mpaka wina atakonza. Za foni ndi Google Earth ndiye tisanene n'komwe. Zimathandiza kudziwa kuti malo ndi otsetsereka, koma si zoikira fulo.

Levulo yolakwika ndi imene imabwezera kwambiri, chifukwa madzi sawerenga pulani. Paipi ya suweji yoyenera kutsika sentimita imodzi pa masentimita 60 aliwonse ikhala itatsika theka la mita ikamafika pa mamita 30. Ngati fulo mwaiika pansi kwambiri, paipiyo idzafika pa manhole ili m'munsi mwa polowera pake. Ngati fulo ili m'munsi mwa msewu, mvula yoyamba ya Disembala idzalowera pa khomo. Omanga m'mbali mwa nyanja ya Malawi ali ndi chifukwa china chapadera. Nyanjayi imakhala cha m'ma mamita 474 kapena kuposerapo pang'ono, koma imakwera ndi kutsika, ndipo mu 2024 inakwera mpaka madzi kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi ndi ku Salima. Kumeneko TBM yongopeka siikuuzani kanthu. Pafunika nambala yolumikizana ndi imene amayezera nyanjayo.

Ndaika manambala a mabikoni pa Google Earth, puloti yagwera m'munda mwa eni, mamita pafupifupi 300 kuchokera pamalo pake. Walakwitsa ndani?

Mwina palibe. Chimenecho ndi chizindikiro cha datum ziwiri zosiyana. Mapu akale a Department of Surveys, ndi mapepala ambiri a puloti a zaka zam'mbuyomu, ali pa Arc 1950, yowerengedwa pa ellipsoid ya Clarke 1880. Muzu wake ndi ntchito yaikulu yoyeza dziko motsatira mzere wa madigiri 30, kuchokera ku South Africa mpaka ku Egypt, imene anaiyambitsa David Gill kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo inadzatha mu 1954. GPS ndi Google Earth zili pa WGS 84. Zonse zimalemba kuti UTM 36S, manambala ake amaoneka ofanana, koma bikoni imodzimodziyo imasiyana ndi mamita pafupifupi 300, makamaka pa northing.

Pofuna kupewa mkangano, tchulani nambala ya EPSG: 20936 ndi Arc 1950 ya 36S, 32736 ndi WGS 84 ya 36S. Pulogalamu yaulere ya QGIS imatha kusintha kuchoka pa ina kupita pa inzake, koma kusinthako n'kongoonera, pamatsalabe kusiyana kwa mamita angapo. Manambala okhomera zikhomo asinthidwe ndi saveya, poyezanso mabikoni a pamalopo. Revit payokha siisintha datum. Imangosunga zimene mwaipatsa.

Saveya akuti tepi ndi ma coordinate sizigwirizana ndendende. Zoona zimenezo?

Zoona. Dziko ndi lozungulira, pepala ndi lafulati, ndiye penapake payenera kufinyika. UTM imafupikitsa mitunda pa mzere wapakati ndi 0.9996, kutanthauza masentimita 40 pa kilomita iliyonse, ndipo kufupikitsaku kumachepa mukamatalikira mzerewo mpaka kusanduka kutalikitsa. Kukwera kwa malo nakonso kumafupikitsa, pafupifupi masentimita 16 pa kilomita ngati muli pa mamita 1,000. Mukaphatikiza ziwirizi ku Lilongwe, mamita 100 oyezedwa ndi tepi amaoneka ofupika ndi masentimita pafupifupi 5 pa manambala a UTM. Ku Blantyre, mwamwayi chabe, ziwirizi zimatsala pang'ono kufafanizana.

Revit imajambula chilichonse pa muyeso wake weniweni, siidziwa za kufinyikaku. Pa nyumba ya mamita 20 nkhaniyi ndi ya sentimita imodzi, simungataye nayo tulo. Pa fakitale yaitali ya zitsulo zodulidwiratu, pa bwalo la masewero kapena sukulu ya mabuloko ambiri, muyenera kugwirizana ndi saveya kuti akupangireni grid ya pamalopo, yozikika pa bikoni imodzi, yopanda kufinyika. Chachikulu n'choti musasinthe kukula kwa nyumba kuti igwirizane ndi UTM.

Fayilo ya injiniya wa zitsulo ndikailowetsa imagwera kwina. Tichite bwanji?

Pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake n'choti aliyense anayamba yekha, pa 0,0,0 yakeyake. Mankhwala ake ndi kusankha mwini manambala mmodzi. Pa nyumba imodzi, wojambula wamkulu akhazikitse grid, ma Level ndi ma coordinate, atumize fayiloyo kwa ena onse asanajambule kanthu. Iwo ailowetse ndi Internal Origin to Internal Origin, kenako achite Acquire Coordinates. Kuyambira pamenepo mafayilo onse angalumikizane ndi By Shared Coordinates.

Pa malo a nyumba zambiri pamafunika fayilo ina ya site yokha, yosunga manambala a saveya. Nyumba iliyonse imakhala ndi fayilo yake, yowongoka ndi pepala, ndipo mumailowetsa mu site, n'kuiika pamalo pake, n'kuitumizira manambala ndi Publish Coordinates. Ubwino wake umaonekera pa nyumba zofanana, monga za aphunzitsi zisanu ndi imodzi za pulani imodzi: fayilo ndi imodzi, koma imasunga malo asanu ndi limodzi, aliyense ndi dzina lake, levulo yake ndi kotembenukira kwake.

Ngati ena akugwiritsa ntchito Archicad kapena Tekla, mumakumana pa IFC. Mtundu wa IFC4 uli ndi malo osungira ubale wa nyumba ndi mapu, otchedwa IfcMapConversion, koma pulogalamu iliyonse ili ndi zosankha zake potumiza. Yesani ndi kafayilo ka chipilala chimodzi sabata yoyamba, musadikire nyumba yonse.

Amene mumagwira ntchito ku Johannesburg kapena ndi makampani a ku South Africa, chenjerani ndi njira yawo ya Lo. Kumeneko Y imakula mukamapita kumadzulo ndipo X imakula mukamapita kumwera. Mukalowetsa manambalawo osawaika mayinasi ndi kuwasinthanitsa moyenera, puloti imatuluka itazondoka.

Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe pa tsamba limodzi: datum, chigawo, mabikoni awiri ndi manambala ake, benchmark, levulo ya fulo, madigiri a True North, ndi dzina la amene ali ndi chilolezo chozisintha. Pa ntchito zotsata ISO 19650 zimenezi zimalowa mu BIM Execution Plan. Pa ntchito zina zonse pepala wamba likwanira.

Tajambula kale zambiri, bwana akuti nyumba isunthe mamita 4 kuti mtengo wa mango upulumuke. Tiyambirenso?

Ayi, ndipo apa ndi pamene khama la poyamba lija limabweza. Musakhudze makoma. Gwiritsani ntchito Relocate Project, kapena musunthe nyumbayo mu fayilo ya site n'kuchitanso Publish. Miyeso ndi mapepala onse zikhala mmene zinalili, chosintha ndi manambala a ngodya okha. Mukatero yesaninso pa mabikoni awiri aja, muonenso levulo ya fulo ngati malowo ndi otsetsereka, ndipo muuze aliyense tsiku lomwelo, makamaka saveya, kuti ataye mndandanda wakale.

Nanga kanyumba ka zipinda zitatu ku Area 25 kapena ku Machinjiri, zonsezi n'zofunikadi?

Zonse ayi. Za IFC, za kufinyika kwa UTM ndi fayilo ya site yapadera mungazisiye. Koma zinayi izi musazisiye: Location ikhale ya kuno, True North ikhale yoona, fulo ikhale ndi levulo yoyezedwa kuchokera pa chinthu chokhazikika monga m'mphepete mwa msewu kapena pa kalavati, ndipo pulani ionetse mtunda wochokera pa mabikoni awiri kufika pa ngodya ziwiri za nyumba. Ndi zimenezi folomani angathe kukhoma zikhomo ndi tepi, chingwe ndi paipi ya madzi yoyezera levulo, popanda total station.

Ngati mabikoni anazulidwa kapena anakwiririka, monga zimachitikira m'malo ambiri atsopano, musalole kuti aneba kapena wogulitsa malo akulozereni ndi phazi. Itanani saveya wovomerezeka adzawabwezeretse, ndipo maenje a fondeshoni asakumbidwe inu musanayeze nokha ndi tepi kuchokera pa bikoni kufika pa chikhomo choyamba.